Dzanja likadali lofunda

Kulembetsa pafoni kuti ndidzapereke ziwalo zanga ndikadzamwalira sikunatenge ngakhale mphindi zisanu. Dzina, tsiku lobadwa, kenako kuchonga: impso, chiwindi, mtima, mapapo. Pa maso ndinazengereza pang'ono, kaya chifukwa chiyani, koma ndinachongabe. Ndinatseka foni ndikudzimva kuti ndine munthu wabwino kwambiri.

Kudzimva kumeneko kwathera pa amayi.

"Amayi, ndalembetsa kuti ndikadzamwalira ziwalo zanga adzapatse odwala."

"Ukudwala?"

"Ayi."

"Nanga za imfa zabwera bwanji?"

Ndinali nditakonzekera ngati wopita kumayeso. Ndinawauza kuti munthu mmodzi atha kupulumutsa anthu mpaka 8, kuti alipo ambiri amene amatsukitsa magazi pa makina katatu pa sabata podikira impso. Atafunsa ngati madokotala sangadzandisiye dala kuti apeze ziwalozo, yankho ndinali nalo: amene amachiza wodwala ndi kutsimikiza imfa ndi ena, oika ziwalo ndi enanso. Anagwedeza mutu, ine nkumati ndapambana.

Kenako anafunsa kuti, "Ndiye adzafunsa ndani?"

Ndinati achibale, chifukwa ngakhale munthu analembetsa, madokotala amakambabe ndi abale ake, ndipo abale akakana nthawi zambiri zimathera pomwepo.

"Adzandifunsa uli mufiriji kapena uli pabedi?"

Apa ndiye mawu anandithera. Zoona zake ndimazidziwa. Mtima ukachotsedwa sudikira, maola 4 mpaka 6 basi, nchifukwa chake nthawi zambiri amatenga kwa munthu amene ubongo wake wafa koma makina akumupumitsabe. Chifuwa chikukwera ndi kutsika, khungu lili lofunda. Ndinafotokoza mwachibwibwi. Iwo anandigwira dzanja, nkulitembenuza ngati akuliyesa kutentha.

"Iwe wasaina wekha pafoni. Ine ndidzasaina ndikugwira ichi."

Sanakalipe, ndipo mwina akanakalipa bwenzi ndili mtulo pano. Ndimadziwa kulimbana ndi amayi akakwiya, takhala tikuchita zimenezo zaka zambiri. Akafatsa chonchi ndimasowa pogwira. Ndaona kuti ndakwiya, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani. Mwina fomu ija, posavuta kwake.

Usiku uno ndabwereranso ku nkhani ya Cape Town, ya mu Disembala 1967, pamene Christiaan Barnard anaika koyamba mtima wa munthu mwa munthu mnzake. Aliyense amakumbukira dokotalayo. Mtimawo unali wa Denise Darvall, wa zaka 25, amene anagundidwa ndi galimoto pamodzi ndi mayi ake. Mayiwo anafera pomwepo. Tsiku lomwelo bambo ake, atataya kale mkazi, anafunsidwa za mtima wa mwana wawo, ndipo anavomera. Wolandira mtimawo anakhala ndi moyo masiku 18. Kale ndinkaiwerenga ngati nkhani ya sayansi. Lero ndikungoona bambo uja, akufunsidwa.

Maganizo sindinasinthe, dzina langa likhala momwemo. Koma potsanzikana amayi sanati inde, sanatinso ayi. Anangoti, "Ine ndiye woyenera kutsogola, usandipitirire." Kenako, nditafika kale pakhomo, anafunsa ngati anthu amsinkhu wawo amawalandiranso.

Sindinawafunse kuti akutanthauza chiyani. Mchimwene wanga sindinamuuzebe.