Nkhope ya kwathu pa mtanda wa ku Mua

Dzulo ku mishoni ya Katolika ya Mua ndinaima nthawi yaitali patsogolo pa mtanda wosemedwa ndi amisiri a ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe a pa mishonipo, chifukwa nkhope ya Ambuye Yesu inali ya munthu wa kwathu kuno, ndipo m'mapewa mwake munkaonekabe timizere ta sompho la mmisiri. Mtima wanga unadzaza ndi chiyamiko.

Ansembe a White Fathers anatsegula mishoni imeneyi mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri mkhristu wopezeka ku dambwe ankatsekeredwa masakramenti. Lero, pa malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, zigoba za Gule Wamkulu zikusungidwa mwaulemu m'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare, pafupi ndi tchalitchi chimene Misa yake imayimbidwa ndi ng'oma, visekese ndi nthungululu za amayi m'malo mwa Chilatini chimene agogo athu ankachiloweza osachimva.

Alipo abale amene amadandaula kuti ng'oma imachepetsa ulemu wa Misa, ndipo nkhawa yawo ndimailemekeza, koma ine sindinapempherepo mozama kuposa pamene nyimbo ya Ambuye Mutichitire Chifundo ikuyimbidwa m'mayimbidwe amene ndinakula nawo.