Zikomo akuluakulu amene munaperekeza ana athu ku Dzalanyama

Masikauti athu a kuno ku Kawale abwerako ku Dzalanyama onse ali bwinobwino. M'malo mwa makolo anzanga, ndati ndithokoze poyera inu amene munasiya ntchito ndi mabanja anu n'kukagona nawo kutchire, osalandira ngakhale khobidi.

Atsogoleri, chimene chandigwira mtima n'kupirira kwanu kosawachitira ana zinthu. Mwana wanga wandiuza kuti mvula itanyowetsa nkhuni zonse, bambo aja osoka nsapato pamsika anangokhala pamwala, manja ali m'thumba, kuonerera atsikana akupemerera utsi wokhawokha, misozi ili mbwembwembwe. Palafini anali naye m'chikwama, koma sanamutulutse. Anangowafunsa kuti, "Kodi mvula yalowa mpaka mkati mwa chikunicho?" Ana anatenga nkhwangwa, kuwaza chikuni, n'kupeza mkati muli gwa, mouma. Nsima inapsa mochedwa, koma anaphika okha. Ife makolo tikanakhalapo tikanawalanda machesiwo kalekale. Usikauti unayambanso motero mu 1907, pamene Baden-Powell anatengera anyamata ku chilumba cha Brownsea n'kuwagawa m'timagulu totsogoleredwa ndi anyamata anzawo, ndipo ndaona kuti inu simunautaye mwambowo.

Mwawaonetsanso kumene madzi amachokera. Ambiri mwa anawa ankangodziwa mpopi ndi mzere wa zigubu pakiyosiki. Lero akudziwa kuti mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalango imeneyi, n'kudzadzaza damu la Kamuzu ku Malingunde, madziwo asanafike mumzinda. Aona ndi maso zitsa za mitengo, malo akuda amene panali mauvuni, ndi njinga zolemedwa ndi matumba a makala zikulowera kutauni. Ndiye wangayu wayamba kundiwerengera makala pambaula. Apa pokha mwandiputira mlandu.

Amayi aja anamwino opuma, zikomo. Mnyamata wolumidwa ndi chinkhanira munamuchezera usiku wonse, ndipo mayi ake munawaimbira foni m'mawa ndi mawu odekha, kotero sanathamange ndi mtima. Adalaivala a lole, munatitimira m'matope kupitirira Likuni, ana n'kutsika kukankha, koma simunawonjezere mtengo. Amayi a kumpingo ndi a kumzikiti munasonkha ufa, nyemba ndi usipa. Mulungu abwezere pomwe mwachotsapo.

Pali pamodzi pamene tikuperewera. Atsikana angapo anatsala kunyumba chifukwa makolo awo sanalole kuti akagone kutchire amayi operekeza ali ochepa, ndipo sindingawadzudzule. Nyengo yodzala mitengo isanathe mu Epulo, ana akufuna kubwererako ndi mbande za m'bawa. Amayi anzanga, simufunika kudziwa kumanga tenti kapena mfundo za chingwe, zimenezo akakuphunzitsani ndi ana omwewo. Tikumane Loweruka masana pabwalo pamene amachitira pelete, mubwere ndi nsapato zoyendera.