Mbalame Zobisika M'liwu Lakuti Inauguration

Pa 28 June 2020 a Lazarus Chakwera analumbiritsidwa kukhala mtsogoleri wa dziko la Malawi. Patatha masiku 8, pa 6 July, kunachitikanso mwambo wina ku Kamuzu Barracks mumzinda wa Lilongwe, wa anthu ochepa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo ndi pamene analandira lupanga la ulamuliro. Nyuzipepala za Chingerezi zinatcha mwambo woyambawo swearing-in, wachiwiriwo inauguration. Ife pa Chichewa timakonda kungoti "kulumbiritsa" pa yonse iwiri, ndiye wophunzira Chingerezi amasokonezeka. Munthu walumbira kale, ntchito wayamba kale, nanga mwambo wachiwiriwu ukuwonjezera chiyani? Yankho lake lili m'mbiri ya liwuli, ndipo mbiriyo imayambira pa mbalame.

Inauguration anachokera ku mneni wa Chilatini wakuti inaugurare. Pakati pa mneniyu pali dzina lakuti augur, wansembe wa ku Rome wakale amene ntchito yake inali kuona zizindikiro zakumwamba, makamaka kuuluka ndi kulira kwa mbalame, kuti adziwe ngati Jupiter, mkulu wa milungu yawo, wavomereza chimene anthu akufuna kuchita. Ambiri amamumasulira kuti "woombeza", koma liwuli limasocheretsa. Woombeza maula amafunsidwa kuti wadwalitsa mwana ndani, kapena kuti kutsogoloku kuli zotani. Augur sankalosera za mawa. Funso lake linali limodzi, ndipo yankho linali inde kapena ayi: kodi chinthu chakutichakuti, chimene anthu asankha kale, chichitike? Kusankha kunali kwa anthu, kuvomereza kunali kwa milungu. Apa ndi pamene pagona tanthauzo lonse la liwu lathuli.

Wolemba mbiri Livy anafotokoza mwatsatanetsatane mmene analongera Numa Pompilius, mfumu yachiwiri ya Rome malinga ndi mbiri yawo yamakolo. Anthu atamusankha, augur anapita naye pamwamba pa phiri pamene panali linga la mzinda, n'kumukhazika pamwala atayang'ana kum'mwera. Wansembeyo anakhala kumanzere kwake atafunda kumutu, m'dzanja lamanja atagwira ndodo yokhota kunsonga, yopanda mfundo, yotchedwa lituus. Atayang'ana mzinda ndi minda, anapemphera, kenako anagawa thambo kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo, n'kunena kuti kum'mwera ndi kumanja, kumpoto ndi kumanzere. Anasankhanso mumtima chizindikiro chakutali kumene maso ake ankalekezera, kuti chikhale malire. Atatero anasinthira ndodo kudzanja lamanzere, dzanja lamanja n'kulisanjika pamutu pa Numa, ndipo anapempha Jupiter kuti ngati n'kololeka kuti munthu amene wamugwira mutuyu akhale mfumu, atumize zizindikiro zosakayikitsa m'kati mwa malire aja. Anatchuliratu zizindikiro zimene ankafuna. Zitaoneka, Numa anatsika paphiripo ali mfumu.

Taonani ndondomeko yake: malo okwera, kumene munthu wayang'ana, dzanja limene lagwira ndodo, malire otchulidwa ndi pakamwa. Chigawo cha thambo kapena cha nthaka chimene augur wachilemba motere chinkatchedwa templum, ndipo n'kumene kunachokera temple, komanso contemplate, kusinkhasinkha, amene poyamba ankanena za kuyang'anitsitsa m'malo opatulidwawo. Mbalamenso anazigawa pawiri. Zina, monga ziwombankhanga ndi miimba, ankaona kaulukidwe kake. Zina, monga akhwangwala ndi akadzidzi, ankamvetsera kulira kwake ndi mbali imene kukuchokera. Nthano ya kukhazikitsidwa kwa mzindawo imati abale awiri ankalimbirana ufumu: Remus anaona miimba 6, Romulus n'kuona 12, ndipo mkangano unali wakuti wapambana ndi amene wayamba kuona kapena amene waona yambiri.

Mafumu atatha, mwambo wa inauguratio unatsalira ansembe akuluakulu okha, monga wansembe wa Jupiter ndi ma augur eniakewo. Akuluakulu a boma osankhidwa chaka ndi chaka sankasanjikidwa manja chotere, koma zisankho zawo ndi ntchito zawo zikuluzikulu zinkayambabe ndi kufunsa zizindikiro. Ndipo chinthu chikalakwika, zotsatira zake zinali zazikulu. Cholakwikacho ankachitcha vitium, chilema. M'chaka cha 163 BC, Tiberius Gracchus, bambo wa andale awiri odziwika, Tiberius ndi Gaius Gracchus, anayendetsa chisankho cha akonsulo awiri, amene anali atsogoleri aakulu a boma. Anamanga hema woonerapo zizindikiro kunja kwa malire opatulika a mzinda, kenako analowa mumzinda kukachititsa msonkhano wa akuluakulu, ndipo pobwerera anadutsa malirewo osafunsanso zizindikiro. Anazindikira kulakwitsaku patapita nthawi, ali ku Sardinia, akuwerenga mabuku a ma augur. Analemba kalata, nkhani inafika ku Senate, bwalo la akuluakulu a boma, ndipo akonsulo awiri a chaka cha 162 BC, Scipio Nasica ndi Marcius Figulus, anatula pansi udindo ngakhale anali atayamba kale ntchito. Mavoti sanabedwe ayi. Chimene chinasowa ndi kachinthu kamodzi ka mwambo.

Ku nkhondo kunalibe nthawi yodikira chiwombankhanga, choncho ankayenda ndi nkhuku zopatulika m'khola. Akazitsegulira n'kuziwazira chakudya, zikadya mwadyera mpaka zina kumagwa kukamwa, chinali chizindikiro chabwino. Zikakana kudya, nkhondo idikire. M'chaka cha 249 BC, pafupi ndi Drepana ku Sicily, nkhuku za Publius Claudius Pulcher, amene ankatsogolera zombo zankhondo za Aroma, zinakana kudya. Olemba a ku Rome amati anaziponya m'nyanja kuti poti kudya zakana, zikamwe madzi. Anagonja, ndipo adani a ku Carthage analanda zombo 93.

Liwuli linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1560, kudzera m'Chifalansa ndi m'Chilatini cha m'mabuku, mbalame zitathothoka kale, litangotsala ndi tanthauzo la kuika munthu pa udindo mwamwambo. Dzina ndi limene linayamba, mneni inaugurate anabwera pambuyo, cha m'ma 1600. Abale ake alipobe ambiri. It augurs well ndiye kuti zikuonetsa kuti ziyenda bwino. Auspicious ndi under the auspices of anachokera ku auspicium, kuchokera ku avis, mbalame, ndi specere, kuyang'ana. Akatswiri ambiri amaona kuti augur mwiniwakeyo akugwirizana ndi augere, kukulitsa, ndi dzina laulemu lakuti Augustus limene Octavian, wolamulira wa Rome, anapatsidwa mu 27 BC, lomwe latipatsa mwezi wa August.

Lero liwuli limamveka kwambiri kuchokera ku America. George Washington anachita mwambo woyamba pa 30 April 1789 ku Federal Hall mumzinda wa New York. Kenako tsiku lake linakhala 4 March, mpaka pamene kusintha kwa nambala 20 kwa malamulo aakulu a dzikolo, kovomerezedwa mu 1933, kunalisunthira pa 20 January, kuyambira mu 1937. Chimene malamulo amafuna ndi lumbiro la mawu 35 basi. Perete, nyimbo, madyerero ndi zolankhula ndi mwambo wongozolowereka. N'chifukwa chake pa 22 November 1963, John F. Kennedy ataphedwa, wachiwiri wake Lyndon Johnson analumbiritsidwa m'ndege ku Dallas ndi woweruza Sarah T. Hughes, popanda chisangalalo chilichonse, ndipo anali mtsogoleri wathunthu. Komanso 20 January ikagwa Lamlungu, monga mu 1985 ndi 2013, mtsogoleri amalumbira tsikulo pamaso pa anthu ochepa, mwambo wa anthu onse n'kuchitika Lolemba.

Koma chidwi cha Aroma pa kalongosoledwe ka mawu sichinafe. Pa 20 January 2009, mkulu wa oweruza John Roberts, polumbiritsa Barack Obama, anasuntha liwu lakuti faithfully n'kuliika kumapeto kwa chiganizo, ndipo Obama anatsatira. Mawa lake anabwereza lumbiro lonse m'chipinda chotchedwa Map Room ku White House, kuti pasapezeke wonena kuti panali chilema. Gracchus akanamvetsa chifukwa chake popanda womufotokozera.

Tsopano za kagwiritsidwe ntchito, pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Inaugurate ali ndi ntchito zitatu. Pa munthu, amatsatidwa ndi as: she was inaugurated as president. Pa nyumba, mlatho kapena msewu, ndiye kutsegulira mwamwambo, kumene ife timati kudula riboni. Pa nyengo kapena ndondomeko, ndiye kuyambitsa chinthu chachikulu, monga to inaugurate a new era. Liwuli ndi lolemera, siliyenera zinthu zazing'ono. Munthu sanganene kuti wachita inaugurate njinga yake yatsopano pokhapokha akuseka.

Inaugural ndiye amavuta koposa, chifukwa ali ndi matanthauzo awiri. Pa msonkhano, mpikisano kapena ulendo wa ndege, amatanthauza woyambirira weniweni, choncho first inaugural meeting n'kubwereza mawu, ndipo second inaugural meeting ndi kudzitsutsa. Koma second inaugural address ndi Chingerezi cholondola, chifukwa apa inaugural akutanthauza zolankhula za pa mwambo wolonga, ndipo munthu atha kulongedwa kawiri, ngati Abraham Lincoln mu 1861 ndi 1865. Kuyunivesite, inaugural lecture ndi phunziro la poyera limene munthu amapereka atakwezedwa kukhala pulofesa, ngakhale wakhala akuphunzitsa zaka zambiri. Pa kalembedwe, n ndi mmodzi, ndipo pambuyo pa g pamabwera u, osati a. Kukumbukira kuti augur ali m'katimo kumathetsa vutoli. Musamusokoneze ndi auger, amene ndi chida chobowolera.

Mawu oyandikana nawo amasiyana potengera chimene chikuchitika pa thupi la wolongedwayo, ndipo iyi ndi njira yabwino yowakumbukirira. Investiture anachokera ku vestire, kuveka: munthu amavekedwa kapena kupatsidwa zizindikiro za udindo, monga Charles, mwana wa Mfumukazi Elizabeth II ya ku Britain, anavekedwera ku Caernarfon pa 1 July 1969 kukhala Prince of Wales. Mkangano umene unayamba pakati pa Papa Gregory VII ndi mfumu Henry IV ya ku Germany unali wa liwu lomweli, kuti woyenera kupereka mphete ndi ndodo kwa bishopu ndani, ndipo unatha ndi pangano la ku Worms mu 1122. Installation ndi kukhazika pa stall, mpando wa m'tchalitchi, n'chifukwa chake amayenera akuluakulu a mpingo ndi chancellor wa yunivesite. Induction ndi kulowetsa m'kati, coronation ndi kuveka chisoti. Inauguration satchula chovala kapena mpando, ndipo ndi amene amasankhidwa pamene chisoti palibe. Mfumu ya ku Netherlands sivekedwa chisoti, choncho mwambo wa Willem-Alexander pa 30 April 2013 ku Amsterdam umatchedwa inauguration. Kwa apapa nakonso n'chimodzimodzi: Paul VI mu 1963 ndiye anali womaliza kuvekedwa chisoti, ndipo kuyambira pa John Paul I mu 1978 mwambo wawo umadziwika ndi liwu lomweli.

Womasulira m'Chichewa asadalire liwu limodzi. Pa nyumba ndi msewu, "kutsegulira" kukwanira. Pa bungwe kapena ndondomeko, "kukhazikitsa". "Kudzoza" ndi kwa abusa ndi ansembe, kumene Chingerezi chimati ordination. "Kulumbiritsa" kusungidwire lumbiro lenilenilo. Pa mwambo wa poyera wa mtsogoleri, liwu loyandikira kwambiri ndi "kulonga", monga timanenera kulonga ufumu: akubanja amakhala atagwirizana kale za munthu, ndipo tsiku lolongalo ndi lomuonetsa kwa anthu ndi mafumu anzake, kumulangiza ndi kumukhazika pampando. Nkhani ya 2020 ija ikhoza kulembedwa momveka kuti mtsogoleri analumbiritsidwa pa 28 June, n'kulongedwa pa 6 July.