Telala wathu samva, koma ndiye anakuza shopuyi

Shopu yathu yosoka zovala inayambira pakhonde la nyumba ya eni ake, ndi makina amodzi a Singer opalasa ndi mapazi, ogula kwa munthu. Eni nyumbayo anali bambo achikulire amene anthu ankawanena kuti ngouma mtima, poti sankaseka ndi munthu ndipo moni ankayankha ndi mutu. Bambo omwewo, ataona ndikuvutika kusenza mutu wa makina madzulo aliwonse, anangotsekula kachipinda kawo kosungiramo katundu n'kunena kuti, "Muzisiya muno, amayi." Sanandilipiritsepo. Mvula ikagwa ine ndili kogula ulusi, ndinkapeza zovala za makasitomala atazilowetsa m'nyumba, atazipinda bwinobwino. Kuseka kokha ndiye sanaseke mpaka ndinasamuka.

Ntchito itachuluka, makamaka nyengo yotsekulira sukulu pamene makolo onse amakumbukira za yunifolomu tsiku limodzi, ndinafuna wondithandiza. Mwa amene anabwera panali mtsikana wina wosamva, wophunzira utelala kusukulu ya ntchito zamanja. Anatulutsa malaya amene anasoka yekha, n'kuwatembenuza mkati kukhala kunja, n'kundipatsa. Telala aliyense amadziwa chimene ankatanthauza. Kunja kwa chovala simbi imabisa zambiri, koma mkati simunama. Misoko inali yowongoka, kolala yogona mofanana mbali zonse, pakhwapa popanda kukwinyika. Ndinamuuza kuti ayambe mawa lake.

Alangizi anabwera osaitanidwa. "Anthu osamva sachedwa kupsa mtima." "Akuthamangitsirani makasitomala ameneyu." "Nanga sitayilo muzimuuza bwanji?" Koma amene anandinyansa kwambiri ndi amayi ena amene anandigwira dzanja n'kumati, "Mwachita bwino kumuthandiza, Mulungu akudalitseni," ngati ndatsekula malo osamalira ovutika. Ine ndinalemba telala, ndipo malipiro ake amawatuluka thukuta.

Za kupsa mtimazo ndinaona ndi maso anga kumene zimachokera. Kasitomala amalowa, akumuyang'ana iyeyo koma akufunsa ine: "Kodi ameneyu angathe?" Wina amamukoka mkono ali pakati podula nsalu. Wina amamukuwira kukhutu, ngati kukuwa kungatsekule khutu. Inuyo atakuchitani zimenezi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mungamwetulire? Makasitomala atazolowera kuima pamaso pake n'kumuuza iye mwini zimene akufuna, mkwiyo wotchukawo sitinauonenso.

Chinenero cha manja anandiphunzitsa yekha, tinayamba ndi mawu a ntchito: chachifupi, chachitali, chothina, mawa. Ambiri amaganiza kuti n'kungolozaloza, pamene ndi chinenero chathunthu, ndipo maiko amakhala ndi chawochawo. Bungwe la World Federation of the Deaf limati zinenero za manja zilipo zoposa 300 padziko lapansi, ndipo World Health Organization imati anthu amene ali ndi vuto lalikulu la kumva ndi pafupifupi 430 miliyoni. Anthu onsewa amavala zovala, ndipo amene amakhala kufupi anayamba kusoketsa kwathu atamva kuti pali telala amene angamvane naye popanda womasulira.

Chimene chinasintha bizinesi kwambiri ndi buku lake la miyezo. Popeza samadalira zonena pakamwa, oda iliyonse amaijambula: khosi, manja, utali, malo a zipi, ndiponso kachidutswa ka nsaluyo amakamata pambali pa chithunzicho. Kasitomala amachonga asanachoke. Mikangano ija ya "ine ndinati manja aatali" inatha, chifukwa timangotsekula tsamba. Amene ali kutali amatumiza zithunzi pa WhatsApp, ndipo iye amawayankha msanga kuposa ine.

Makina amawamvera m'mapazi ndi m'manja. Ine ndimadikira phokoso lisinthe, koma iye akangoika chikhatho pathebulo amadziwa kuti lamba wakhwepa kapena mafuta atha. Ulusi ukamapanga mfundo kunsi kwa nsalu, matelala ambiri amathamangira kumasula kasikulu ka bobini, kamene kamathina ulusi wapansi. Iye amayamba waona ulusi wapamwamba, chifukwa nthawi zambiri ndiwo umakhala utakhwepa kapena sunapite m'njira yake. Singano sasakaniza: ya saizi 90/14 pa nsalu wamba ya thonje, 100/16 pa jinzi, ndipo ikangobuntha amaitaya osaumira.

Buku lina limene lili ndi nkhani ndi la ngongole. Pafupi ndi shopu pamakhala anyamata onyamula katundu, ena a madiredi, amene anthu akawaona amagwiritsitsa zikwama. Mmodzi mwa iwo amabweretsa buluku lomwelo kuti tiikenso chigamba, ndipo akanena kuti alipira Lachisanu, Lachisanulo amafika ndithu. Yemweyo anaona kuti mnzathuyu samva hutala ya galimoto, ndipo anayamba kumuwolotsa msewu madzulo, osatumidwa ndi munthu. Pano moni amapereka ndi manja, molakwitsalakwitsa, mnzathuyo n'kumamuseka. Pamene bambo ena a tayi, obwera pa galimoto, amene tonse tinkawati abwana, anatenga masuti n'kunena kuti atumiza mwana ndi ndalama. Dzina lawo likadali m'bukumo, inki yake inayamba kale kufufuma.

Ifenso tili ndi tizinthu timene sitilipiritsa. Mwana wasukulu batani likaduka, timamusokera ataima pomwepo. Wachinyamata wopita kukafunsira ntchito, ngati zipi yamuthawa, timamuikira ina, n'kumusitira malaya. Ndalama zopezeka m'matumba a zovala timaziika mu envulopu n'kuibaya ndi pini pachovalacho. Sindinganame kuti onse amabwereranso, ambiri sitiwaonanso. Koma oda yathu yaikulu ya mayunifolomu a antchito inabwera kudzera mwa mnyamata wina wa zipi wotere, atayamba ntchito.

Lero tili m'chipinda cha lendi, makina anawonjezereka, ndipo mnzathu uja ndiye amadula nsalu zonse ndi kuphunzitsa atsikana ongoyamba kumene. Atsikanawa asanagwire sizasi, amayamba aphunzira kuti pofuna kumuitana amathimitsa ndi kuyatsa getsi kapena kugogoda thebulo, ndipo polankhula naye amaima pomwe akuwaona nkhope. Amayi ena amene ankati mnzathuyu atithamangitsira makasitomala, masiku ano akapeza iye wachoka amabwerera ndi nsalu yawo, amati ine ndimathinitsa m'chiuno. Ndalama zimene tikusunga panopa ndi za makina a ovaloko, omangira m'mphepete mwa nsalu, ndipo mtundu wake wasankha kale ndi iyeyo.