Tinayamba ndi beseni, thaulo ndi galu mmodzi amene ndinamulakwira

Anthu akamva kuti ine ndi mayi a kunyumba ntchito yathu ndi yosambitsa ndi kumeta agalu, amayamba aseka kaye. Ena amafunsa kuti galunso amapita ku saluni eti? Ndimawasiya aseke, inenso ndikanaseka kale. Koma chiyambi cha geni imeneyi sichinali choseketsa, inayamba ndi chinthu chopusa chimene ndinachita ndi manja angawa.

Tinali ndi German Shepherd wathu, galu wofatsa, waubweya wambiri. Nthawi yotentha ndimamuona ali gone pamthunzi lilime panja akupuma mwawefuwefu, nde ine mmutu mwanga ndinangoti chikumuvuta ndi chiubweyachi basi. Ndinabwereka mashini ometera anthu nkumupala thupi lonse, ndikudziona ngati ndamuthandiza kwabasi. Sipanapite nthawi msana unafiira ndi dzuwa, ntchentche zikumusowetsa mtendere, ndipo ubweya utayamba kumera unabwera mwa zigambazigamba, pena wofewa ngati thonje pena palibe, olo mtundu unasintha. Nditapita naye kwa dokotala wa ziweto anangomuyang'ana nkundifunsa kuti, “Bambo, wachita izi ndi ndani?” Ndinafuna ndinamizire mwana koma ndinangovomera kkkk.

Tsiku limenelo ndi limene ndinamva koyamba kuti agalu ena ali ndi ubweya wamitundu iwiri pathupi limodzi, wapansi wofewa ndi wapamwamba wolimba wautali. German Shepherd, Husky, Pomeranian, Golden Retriever onsewa ali choncho. Wapamwambawo ndi umene umatchinga dzuwa ndi madzi, ndipo ukaudula umamera mochedwa kusiyana ndi wapansi, nchifukwa chake galu amaoneka ngati wadwala. Komanso galu sadziziziritsa ndi thukuta thupi lonse ngati ife, amatulutsa kutentha popuma, thukuta lake limatulukira pang'ono kumapazi. Chimene galu wanga amafuna kunali kumupesa kuti ubweya wakufa wapansi uja uchoke mphepo izidutsa. Ine ndinamuvula malaya nkumusiya padzuwa.

Zinandipweteka moti ndinayamba kufufuza, kenako ndinapeza mayi wina amene anagwira ntchito imeneyi zaka zambiri nkumupempha kuti ndizimuthandiza ulele bola azindiphunzitsa. Miyezi yoyamba sanandilole olo kugwira sizasi. Ntchito yanga inali kusambitsa, kuumitsa, kusesa ubweya pansi, basi. Ndimanyinyirika mumtima koma pano ndimamuthokoza, chifukwa galu amene sanasambe bwino kapena sanaume mpaka pakhungu sungamumete mwaluso olo utakhala katswiri bwanji, mashini amakoka ubweya ndipo lumo limabuntha msanga.

Titayamba patokha tinali ndi beseni lalikulu, mathaulo angapo, chipeso chachitsulo ndi draya yaing'ono ya tsitsi ya mayi a kunyumba imene inapsa isanathe mwezi. Tebulo lenileni, mashini a agalu ndi draya yamphamvu zinabwera pang'onopang'ono, chimodzichimodzi. Makasitomala oyamba anali anzathu, kenako anzawo a anzathu, kenako anthu amene anaona zithunzi pa Facebook. Za ndalama sindinena zambiri, kungoti chaka choyamba phindu lonse limabwerera mu zipangizo.

Nkhani imene ndikufuna ndikhalepo ndi ya ubweya womangana, chifukwa ndi imene yatikanganitsa ndi anthu kuposa china chilichonse.

Munthu amabwera ndi Shih Tzu, Maltese kapena Poodle, foni m'manja, akutionetsa chithunzi cha pa intaneti cha kagalu kaubweya wautali wosalala, ati ndikufuna aoneke chonchi. Pamwamba galu wakeyo amaonekadi bhobho. Koma ukalowetsa chipeso chimakana kudutsa, ukakhudza ndi zala ukumva pansi pamangana chinthu chimodzi cholimba ngati kapeti, kuseri kwa makutu, mkhwapa, pamimba, pamene pamadutsa lamba wapakhosi. Mwini wake amalumbira kuti amamupesa tsiku lililonse ndipo nthawi zambiri sakunama ayi, vuto ndi loti bulashi imangoyenda pamwamba osafika pakhungu. Enanso amamusambitsa pafupipafupi poganiza kuti zimasuka, pamene madzi ndi amene amalimbitsa mfundozo, makamaka galu akangosiyidwa kuti aume yekha.

Ubweya womangana umapweteka. Tayerekezani wina wakugwirani tsitsi akukoka, osasiya, usana ndi usiku, mukasuntha mwendo zikukoka, mukatembenuza khosi zikukoka. Pansi pake chinyezi sichichoka, mphepo siyifika, nde kumayamba zilonda, utitiri ndi nkhupakupa zimabisala mmenemo osaoneka. Galu wotere kumumasula ndi chipeso ndi kumuzunza kwa maola, ndipo akachoka pamenepo amadana ndi tebulo moyo wake wonse. Ife tinagwirizana kuti zimenezo sitichita olo munthu atanena kuti awonjezera ndalama. Timameta, ndipo lumo limayenera kudutsa pansi pa mfundozo, sitisankha utali ndife ayi, zimasankha ndi mfundozo. Nthawi zambiri limalowa ndi lumo la nambala 10 limene limasiya ubweya wa mamilimita 1.5 okha, nde galu amatuluka wosiyaniratu ndi wa pachithunzi uja.

Mayi wina anatikalipira koopsa pa nkhani imeneyi tikadali atsopano. Kagalu kawo makutu anali atamangana ngati madiredi, tinameta bwinobwino osakacheka paliponse, koma mawa lake anaimba kuti khutu latupa, mwandivulazira galu. Chimachitika ndi choti mfundo zikakhala zafinya khutu nthawi yaitali nkuchoka, galu amamva zachilendo nkuyamba kupukusa mutu mwamphamvu, timitsempha tamagazi tamkhutu timaphulika, magazi nkudzadza mkati kapena kumadontha kunsonga. Dokotala anawafotokozera zomwezi koma ife tinali titaluza kale kasitomala. Ndipo kunena zoona mbali ina kulakwa kunali kwathu, tinayenera kuwachenjeza tisanayambe. Kuyambira pamenepo galu aliyense timamuona limodzi ndi mwini wake asanachoke, ndimawapatsa chipeso kuti, “Mayi, tayesani nokha apa,” akaona chakana nkhani imakhala yosavuta. Kenako amasaina kuti amva zimene zingapezeke pansi pa ubweyawo.

Galu wa ubweya umene umangokulabe ngati Poodle amafunika kubwera pakapita masabata 4 mpaka 8, koma chimene chimapangitsa kuti atuluke wokongola ndi zimene zimachitika kunyumba masiku ena onsewo. Gawani ubweya ndi dzanja mpaka muone khungu, pesani kagawo kameneko ndi bulashi, kenako dutsitsani chipeso chachitsulo kuchokera pakhungu mpaka kunsonga. Chikadutsa osakodwa mwatha, pitani pena. Mphindi zochepa kangapo pasabata. Ndipo chonde musatenge sizasi kuti mudule mfundo nokha, khungu limakokedwa nkulowa mkati mwa mfundoyo osaoneka, taonapo agalu angapo atasokedwa chifukwa cha zimenezi.

Zikhadabo nazo ndi nkhani. Mkati mwa chikhadabo cha galu muli kamtsempha ka magazi komanso kamapweteka ukakadula. Chikakhala choyera kamaoneka kofiirira, chikakhala chakuda umangodula pang'onopang'ono ukuyang'ana pakati. Chimene ambiri sadziwa ndi choti zikhadabo zikasiyidwa zitalike kamtsemphako nako kamatalika, nde munthu akabwera ndi galu wa zikhadabo ngati za kabawi nkumati zidulidwe zifupike lero lomwe, sizitheka. Timadula pang'ono, abwerenso, kamtsempha kamabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Mukamamva kuti kwa kwa kwa akamayenda pasimenti ndiye kuti zatalika. Palinso kachikhadabo kapambali pamwamba pa phazi kamene sikagunda pansi, sikaperepeseka kokha, tinachotsapo kena katapindika nkulowa mumnofu mwini wake akungodabwa kuti galu bwanji akunyambita mwendo. Ndipo inde, pena timadula mopitirira magazi nkutuluka, galu akagwedezeka mwadzidzidzi. Tili ndi ufa woletsa magazi ndipo timakuuzani. Wokonza agalu amene amati sizinamuchitikirepo, kaya.

Sopo wochapira zovala, sopo wotsukira mbale, shampu yanu ya mutu, zonsezi si za galu. Khungu la munthu lili ndi pH (muyezo wa asidi) ya pafupifupi 5.5 pamene la galu limayandikira 7 ndipo ndi lopyapyala kuposa lathu, nde zimamuumitsa khungu nkuyamba kukanda. Chinanso ndi kutsukuluza, shampu yotsalira pakhungu imayabwa. Ife nthawi yotsukuluza imakhala yaitali kuposa yopaka.

Anthu amadabwanso kuti bwanji galu mmodzi maola awiri atatu pamene kwa ometa anthu ndi mphindi zochepa. Aaa koma wometa wanu samakusambitsani, samakupukutani m'makutu, samakudulani zikhadabo, ndipo inu simumayesa kumuluma kapena kudumpha pampando. Lumo la mashini limatentha likamagwira ntchito, ndimaligunditsa padzanja langa pafupipafupi nkusintha lina, apo ayi limawotcha khungu makamaka pamimba. Agalu amphuno zazifupi ngati Pug, Bulldog ndi Shih Tzu sachedwa kutenthedwa chifukwa kapumidwe kawo nkovuta kale, nde sitiwatsekera mu khola ndi mpweya wotentha, timawaumitsa pamanja tikuwaona. Galu wokalamba timamupumitsa, miyendo imatopa kuima. Mukatifulumizitsa ndi pamene ngozi zimachitika.

Lamulo limene latiluzitsa makasitomala ambiri ndi la khadi la katemera. Palibe khadi, galu salowa. Ena amakwiya kuti galu wanga sachoka pakhomo, koma chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika ndipo manja amene ali pafupi ndi mano ndi athu. Parvo nayo, nthenda yoopsa yosanzitsa ndi kutsegula m'mimba agalu, kachilombo kake kamakhala pansi miyezi yambiri, kakangolowa pamalo pathu ndiye kuti kagalu kalikonse kakang'ono kobwera pambuyo kali pangozi. Bola munthu mmodzi apite atakwiya.

Ife si madokotala. Izi ndimazibwereza kwambiri. Sitipereka mankhwala ogonetsa galu, wina akakuuzani kuti amamupatsa kapiritsi kuti afatse pamene si dokotala, nyamulani galu wanu muzipita. Chimene timachita ndi kuona, popeza manja athu amafika paliponse pamene inu simufika. Tapezapo zotupa zobisika mu ubweya, makutu onunkha a mafinya, mano ovunda, zipere. Timakuuzani kuti pitani naye kwa dokotala, basi, dzina la matenda akanene ndi iyeyo. Za utitiri, mukaona tinthu takuda ngati tsabola pakhungu tiikeni pa tishu yonyowa, tikafiira ndi zitosi za utitiri zimenezo. Tikhoza kumusambitsa onse nkuchoka koma mazira ndi ana ake ali pogona pake ndi m'nyumba, nde sabata yamawa musadzatiimbire kuti sitinasambitse bwino. Ndipo amene muli ndi amphaka samalani, mankhwala ena a agalu okhala ndi permethrin amapha mphaka.

Agalu amene timasangalala nawo kwambiri ndi amene anayamba kubwera ali ana, atangomaliza katemera wawo, cha m'masabata 12 mpaka 16. Ulendo woyamba sitimeta zambiri, amangosamba, kumva phokoso la draya, kugwiridwa mapazi ndi kumaso, nkubwerera kwawo. Kunyumbanso muzimugwira mapazi, makutu, kukamwa mukamasewera naye. Galu amene akufika koyamba ali ndi zaka zitatu ubweya utamangana, wamantha, amaona ngati tikufuna kumupha, ndipo sindimuda. Ngati amaluma tiuzeni poyamba, sitimubweza chifukwa cha zimenezo, timangokonzeka. Chipsera chili padzanja langa lamanzere ndi cha kagalu kakang'ono kamene mwini wake anati, “Achimwene musaope, ameneyu ndi mwana, saluma.”

Chimodzi chomaliza chimene chimatisokoneza, mukabwera kudzamutenga nthawi isanakwane musaime pawindo nkumamuitana. Akangokuonani amayamba kudumpha, sizasi ili pafupi ndi diso.

Bambo wina wachikulire amene poyamba tinamumetera galu mpala chifukwa cha mfundo, anachoka osatsanzika, ndimaganiza kuti sadzabweranso. Patapita masabata 6 ndinangoona watulukira, asanandipatse moni nkutulutsa chipeso chachitsulo mthumba la jekete, nkuchidutsitsa yekha kuseri kwa khutu la galuyo ine ndikuona. Chinadutsa. Anandiyang'ana nkuti, “Lero ndiye mumete mmene ndikufunira ine.” Tinameta mmene amafunira. German Shepherd wathu uja ubweya wake unabwerera patapita nthawi yaitali, kupatula kamalo kamodzi pamwamba pa mchira kamene kanakhala kopyapyala mpaka anakalamba.