Lachiwiri: nyumba yalendi ndi ngongole ya zaka 15

M'mawa tinakaona nyumba ya zipinda zitatu yomwe bambo wina wa zaka 48 akufuna kugula kuti lendi yake idzawathandize akadzapuma pantchito. Tinayambira kunja. Mng'alu wotsetsereka kuchokera pangodya ya windo ungatanthauze kuti maziko akusuntha, koma womwe tinaupeza unali wa pulasitala chabe, ndalama yachitsulo sinalowemo. M'chipinda chakumbuyo khoma limodzi lokha linali lopakidwa penti yatsopano. Titaligogoda m'munsi linalira ngati mopanda kanthu: chinyezi chikukwera kuchokera pansi, penti yangobisa. Chikalata cha umwini chikayang'anidwe kuofesi yolembetsa malo, tione ngati dzina ndi la wogulitsayo komanso ngati nyumbayo sinaikidwe chikole kubanki. Fotokope yomwe watipatsa siyokwanira.

Masana tinakhalira pansi masamu, ndipo apa m'pamene nkhani inavuta. Titenge mtengo wa nyumba ngati 100. Lendi ya chaka chonse ndi 9, nambala yomwe wogulitsa amakonda kutchula. Chotsanipo 0.75 ya mwezi umodzi nyumba ikakhala yopanda munthu, 0.8 ya ejenti wotolera lendi, 1 yokonzera denga, mapaipi ndi penti, ndi 0.5 ya inshuwalansi ndi msonkho wa malo. Patsala pafupifupi 6, msonkho wa pa lendi tisanauwerenge n'komwe.

Bambo ofuna kugula aja ali ndi 30 m'manja, akufuna kukongola 70. Tinawerengera chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka. Ngongole ya zaka 15 ifuna 9 chaka chilichonse, ndiye kuti 3 azizichotsa kumalipiro awo mpaka adzafike zaka 63. Atati atalikitse ikhale ya zaka 25, kubweza kumatsikira pa 7.6, komabe kupitirira 6 uja, ndipo adzamaliza ali ndi zaka 73. Mabanki ambiri sakonda ngongole yopitirira msinkhu wopumira pantchito, ndipo ife tikuwaikira kumbuyo. Wa zaka 30 ali ndi nthawi yodikira lendi ikwere. Wa zaka 48 alibe.

Chiwongoladzanja chikaposa phindu lenileni la nyumba, ndalama iliyonse yokongola imadya zambiri kuposa zomwe imabweretsa. Tinawalangiza ayang'ane nyumba yocheperako, yoti ndalama ali nazozo zikwane theka la mtengo. Kukongola theka pa zaka 15 kumafuna 6.4 pa 100 alionse, ndipo lendi yotsala ija imatsala pang'ono kubweza ngongoleyo payokha. Asungenso padera ndalama zobwezera ngongole miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa wochita lendi akasiya kulipira, kumutulutsa mwalamulo kumatenga nthawi, banki osadikira.

Madzulo tinalembera wogulitsa kuti atsitse mtengo chifukwa cha khoma lija. Mawa mmisiri akwera m'denga kukaona ngati chiswe sichinalowe m'matabwa.