Makatapila a m'kabati ya malume ku Rosettenville

Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Joni akuudziwa msewu wake: Mwanza, Zobue, mlatho wa pa Zambezi ku Tete, Nyamapanda, Harare, kenako mzere wa pa Beitbridge umene umatupitsa miyendo. Zimenezo sindichedwa nazo. Tinafika pa Park Station kukucha, ndinapeza malume akundidikira atavala jekete lawo la kuntchito, ndipo tinakwera minibasi ya ku Rosettenville kumene akhala zaka zambiri.

Chimene ndinapitira n'kukaoda katundu wa bizinesi yanga, koma nkhani imene ndabwera nayo ndi ya kabati ya galasi imene ili pabalaza pawo. M'nyumba zambiri kabati yotere mumakhala mbale za alendo. Mwa malume muli makatapila. Timakina tachitsulo tachikasu tandandalikidwa mashelefu onse: magireda, mathirakitala okankha dothi, ma excavator (makina okumba ndi mkono wautali), matipa a kumigodi. Malume anayamba kuyendetsa gireda pamisewu ya kwathu kuno asanapite ku Joni, ndipo lero amakumba maziko a nyumba zosanja ndi excavator. Makina alionse amene anawagwirapo ntchito amayesetsa kupeza kamwana kake n'kukaika m'menemo.

Anatulutsa kagireda ka Caterpillar 140H n'kundiika m'manja. Choyamba kundidabwitsa chinali kulemera kwake. Timakinati amatiumba ndi zinki wosakaniza ndi aluminiyamu pang'ono, wosungunula n'kumupopera mwamphamvu m'chikombole chachitsulo, ndiye kanthu kotalika ngati chikhatho kamakoka dzanja. Tambiri ndi ta muyezo wa 1:50, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kamakinako ndi theka la mita pa makina enieni.

"Tapendeketsa mateyala akutsogolowo, mphwanga," anatero. Ndinakankha ndi chala, mateyala onse awiri n'kupendekera mbali imodzi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuona magireda akupala misewu yafumbi mateyala atapendekeka chonchi, ndipo apa mpamene ndinamva chifukwa chake. Mpeni wa gireda umayenda chopingasa, ndiye dothi limaukankhira kumbali ndipo mutu wa makina umafuna kuthawa mzere. Woyendetsa amapendeketsa mateyala kuti alimbane ndi mphamvu imeneyo. Anandionetsanso chizungulire cha mano chimene chimatembenuza mpeni, ndi pakati pamene gireda imapindika kuti ikhote pamalo opanikiza. Zonsezi zimayenda pa kamakinako. Kenako anaika pambali pake ka 140M n'kundiuza kuti ndisuzumire pagalasi. Mu H muli chiwongolero ndi mikono yambirimbiri yandondana, pamene mu M anachotsa zonsezo n'kuikamo ma joystick awiri, timikono toyendetsera makina onse. Malume amakonda H, akuti dothi amalimva m'manja.

Kunena zoona, mphindi zochepa zimenezo ndinaphunzira zambiri, ndipo mtima unandipweteka poganiza za anyamata a m'masukulu a ntchito zamanja kwathu amene amaphunzira za makinawa pa bolodi chabe. Tonse tinakula tikupinda magalimoto a mawaya, ndipo tikudziwa kuti chimene wagwira ndi manja suiwala. Kagireda kamodzi kotere m'kalasi kangatsegule mitu yambiri.

Pashelefu yapansi pali chitipa cha 797F, chachitali pafupifupi masentimita 30. Chenicheni chimanyamula matani oposa 360 ulendo umodzi. Chimenechi malume sanachiyendetsepo, anangochigula chifukwa cha bambo awo, agogo anga, amene anapita ku Joni pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, n'kumalowa pansi ndi fosholo. Mzinda wonsewu unabadwa ndi golide amene anapezeka mu 1886, ndipo ukamayenda kummwera kwake umaona milu yachikasu ya dothi la m'migodi. "Dothi limene lija anakumba ndi anthu, ena mwa iwo a kwathu," anatero malume, n'kutseka kabati.

Loweruka ananditengera kumsika wa anthu osunga zidole zakale, mu holo ina cha ku East Rand. Ambiri anali azibambo achikulire, matebulo atadzaza timagalimoto ta Dinky ndi Matchbox, koma malume anangolunjika pakona pa makina a zomangamanga. Kumeneko ndinamva mayina amene sindinkawadziwa. NZG ndi Conrad ndi makampani opanga timakinati a ku Germany, cha ku Nuremberg, ndipo amatamandidwa chifukwa cha kulimba. WSI ndi ya ku Netherlands, yodziwika ndi ma crane ndi malole onyamula katundu wolemera. Ta Caterpillar tinkapangidwa ndi Norscot, koma kuyambira 2016 chilolezo chili ndi Diecast Masters, amene tapamwamba tawo amatiika m'mabokosi a malata, kamunthu koyendetsa kali m'kati. Mitengo yake si yamasewera, katsopano kamodzi kamadya marandi oposa 1,000 mosavuta.

Kaonedwe ka malume pogula nkosangalatsa. Amayamba akweza mkono wa excavator n'kuusiya m'mwamba. Ukagwa wokha, ndiye kuti timasilinda tatha mphamvu, amabweza. Kenako amayendetsa matcheni pachikhatho, kuwerenga magalasi oonera kumbuyo ndi tizitsulo togwirira pokwera, chifukwa ndi timene timayamba kuthyoka. Pomaliza amafunsa bokosi. Kopanda bokosi mtengo umatsika kwambiri, ndipo ine mpamene ndinapezera mwayi: ndinagula ka TLB (thirakitala ya baketi kutsogolo ndi mkono wokumbira kumbuyo) ka kampani ya JCB kopanda bokosi, penti itasupuka pang'ono pa baketi yakutsogolo. Malume anati kusupukako sikulakwika, baketi yogwira ntchito sikhala ndi penti.

Pobwerera tinadzera ku James Hall Museum of Transport, kufupi ndi kwawo komweko. Inatsegulidwa mu 1964, ndipo muli zimakina zopondera misewu zoyendera nthunzi, za mateyala achitsulo. Amene mumapita ku Joni kukaoda, patulani ola limodzi mukaoneko.

Usiku woti ndinyamuka mawa lake, azakhali anandikulungira ka JCB kaja m'chitenje n'kukalowetsa pakati pa mabulangete amene ndinaoda. Malume anandilangiza kuti ndisamakaike padzuwa chifukwa penti imafwifwa ndipo mateyala a labala amang'aluka, fumbi ndizichotsa ndi kaburashi kofewa, osati madzi. Iwo pakali pano akusunga ndalama ya katipa ka Bell, makina opangidwa ku Richards Bay ku South Africa komweko. Anandituma kuti ndikafufuze kwa amayi chithunzi chawo chakale ali pa gireda, akufuna achiike m'kabatimo pafupi ndi ka 140H. Amayi akuti chili m'sutikesi kumudzi, ndikachitenga mwezi wamawa.